Baji Yomwe Ndinalandira ndi Manja Awiri

Ndili mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ine ndi amayi anga titangofika mumzinda wa Lanham, kutsidya kwa nyanja, kuchokera ku Zomba, ndinalowa gulu la makadeti pasukulu pathu. Ankatiphunzitsa za ndege, kuguba ndi utsogoleri. Za ndegezo ndinkakhoza kuposa anzanga onse, koma nthawi ya nkhomaliro ndinkadya ndekha pakona.

Tsiku lolandira mabaji, makolo anadzaza holo. Amayi anga sanabwere, anali kuntchito mumzinda wa Bethesda, akusambitsa nkhalamba za eni. Atandiitana, ndinaguba bwinobwino mpaka pamaso pa mphunzitsi wathu, bambo wopuma pa usilikali. Pamenepo thupi linakumbukira kwathu. M'malo mochita sawatcha, ndinapinda mawondo, maso pansi, n'kulandira bajiyo ndi manja awiri.

Holo yonse inafa nako kuseka. Bamboyo anandinong'oneza kuti mtsogoleri sawerama, amayang'ana munthu m'maso. Mtima unandiwawa, chifukwa ndinali nditawapatsa ulemu wonse umene ndinali nawo, ndipo m'holo monsemo munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa zimenezo.

Ndinaphunzira ndithu kuyang'ana anthu m'maso, mwamakani. Chaka chotsatira gulu lija ndinkalitsogolera ndine.

Lamlungu lina kutchalitchi kwathu ndinapatsa moni mayi wina wachikulire wochokera kumudzi nditaima njo, ndikumuyang'ana m'maso. Iye anatembenukira kwa amayi anga n'kunena kuti, "Mwana wanuyu mwamutaya."

Ndinadikira kuti amayi andiikire kumbuyo. Iwo anangoyang'ana pansi, monga momwe anandiphunzitsira.