Alamu Anga ndi Azamba a ku Philippines

Alamu anga anakhala ku Manila, likulu la Philippines, masiku anayi okha, koma atabwerako mukadaganiza kuti mchombo wawo unagwera komweko. Chilichonse chimene munthu wanena, iwo ankayankha kuti, “Ku Asia sachita choncho.” Ngakhale mchere ukachepa m'ndiwo, ku Asia kunali ndi maganizo ake.

Ine ndine namwino. Ndimakhala ku Beech Grove, ndipo ndimagwira ntchito m'wodi ya amayi oyembekezera pa chipatala china mu Indianapolis, kuno ku America. Achemwali anga, amene ndinapondana nawo pamutu, amakhala ku Lawrence ndipo amasamalira okalamba. Mwamuna wawoyo anaphunzira za bizinesi ku South Bend, nagwirako ntchito pa kampani ya inshuwaransi, kenako anasiya ponena kuti malowo ankamuchepera. Kuyambira pamenepo ankadzitcha founder, kutanthauza woyambitsa kampani. Mawuwa ankawatchula motsindika, ngati ndi udindo wa mumpingo.

Nkhani ya kampani yawo anatiuza Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi. Tinali pa lesitilanti ina ya mu Lafayette Road, ndipo chakudya chisanafike n'komwe iwo anali atatsegula kale kompyuta pakati pa matambula.

“Mlamu, tamvetserani bwino, chifukwa izi ndi za kuntchito kwanu,” anatero. “Ku Philippines kuli zilumba zambirimbiri. Azamba akumidzi alibe dokotala pafupi. Ife tikupanga pulogalamu ya pa foni. Mzamba akalemba mmene mayi akumvera, foni imuuza chochita. Basi. Tadisirapta msika wonse, tautembenuza.”

“Mwalankhulapo ndi azamba angati?” ndinafunsa.

“Zimenezo ndi za phase two.”

“Nanga masiku anayi aja munkatani?”

“Tinali pa conference, ku hotela. Anthu ofunika onse anali momwemo.”

Ndinawafunsa kuti mayi akayamba kutaya magazi atangobereka, foniyo idzagwira mbali iti. Anaseka n'kuyang'ana mkazi wawo.

“Ukuona? Vuto la anthu a shifiti ndi limeneli. Amaganiza za wodwala mmodzi. Ife tikuganiza zosikela.”

Kusikela kumeneko ndiye kuti kukulitsa bizinesi mpaka ifike mayiko ambiri. Achemwali anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine n'kuisiya nkhaniyo pomwepo. Anali atachoka kuntchito m'mawa womwewo, maso ali psuu, ndipo sindinafune kuwawonjezera mtolo.

Patapita milungu ingapo alamu ananditumizira uthenga wopempha chithunzi changa nditavala yunifolomu. Anati mwana wawo wamkazi akuchifuna ku sukulu, pa phunziro la ntchito zimene achibale amagwira. Ndinatumiza osaganiza kawiri.

Kuntchito ndili ndi mnzanga wachikulire, namwino wa ku Philippines, amene anandiphunzitsa ntchito nditangofika m'wodi muja. Mayi ake anali mzamba pa chilumba china chaching'ono, ndipo iye anakula akuwanyamulira chikwama. Nditamufotokozera za pulogalamu ya alamu, anachita nayo chidwi ndithu. Anati ali wokonzeka kukhala nawo pansi n'kuwauza mmene azamba akwawo amagwirira ntchito, ndiponso kuwapatsa manambala a azibale ake amene akadali pa ntchitoyo. Ndinawaimbira alamu ndili wokondwa.

“Aaa, mlamu, zikomo, koma panopa tili busy ndi ma investor,” anatero. “Komanso munthu woti anachoka kwawo kalekale sangadziwe mmene msika ulili lero.”

Amene ankanena zimenezi ndi munthu wa masiku anayi uja.

Ma investor amenewa ndi anthu a ndalama amene amaika chuma chawo m'makampani ongoyamba kumene, poyembekezera kuti imodzi mwa khumi idzaphulika n'kuwalemeretsa. Ku South Bend kunakonzedwa tsiku loti achinyamata a makampani otere, olunjika misika ya ku Asia, akaonekere pamaso pawo. Alamu anapatsidwa mpata. Achemwali anandipempha kuti ndipite nawo kukawapatsa mphamvu, ndipo alamu eni ake anandiimbira kawiri kutsimikiza kuti ndibwera. Zinandidabwitsa, poti sanali munthu wofuna kuti ndikhale pafupi akamalankhula. Ndinamuitana mnzanga uja kuti atiperekeze, popeza tonse tinali pa ofu.

Tinanyamuka m'mawa pa galimoto yanga, ine, achemwali ndi mnzangayo. Alamu anali atatsogola dzulo lake. Unali mwezi umene chimanga chimakhala chitauma m'minda, ndipo msewu wonse kudutsa Kokomo unali minda yokhayokha. Achemwali anagona njira yonse, mutu utatsamira pa galasi.

Msonkhanowo unali m'nyumba yakale ya fakitale imene anaikonza n'kuikamo mipando ya mitundumitundu. Njerwa anazisiya osapaka pulasitala, mapaipi ali poyera kudenga. Kwathu nyumba yotere timati yosatha, koma kuno ndiye fasho. Anyamata ambiri anavala majekete opanda manja, onse ofanana ngati a kwaya imodzi. Kutsogolo kunali tebulo la anthu a ndalama atatu: azibambo awiri achizungu ndi mayi mmodzi wochokera ku India, wa imvi pang'ono, amene sankamwetulira.

Aliyense ankapatsidwa mphindi zisanu. Wina anati athetsa zinyalala mu Jakarta. Wina anati matelala a ku Dhaka akhala akudikira iyeyo. Wachitatu anali ndi njira yoti alimi a mpunga ku Vietnam azigulitsa mbewu pa foni, koma atafunsidwa kuti mpunga amakolola mwezi uti, anati abweretsa yankho pa imelo. Onse ankayamba ndi nkhani ya mayi wina wosauka amene anakumana naye, ndipo onse ankamaliza ndi mzere wokwera m'mwamba. Ndinakhala pamenepo n'kumaganiza kuti anthu a ku Asia ali ndi mwayi woopsa, kuti apulumutsi awo onse asonkhana mu Indiana tsiku limodzi.

Kenako inafika nthawi ya alamu. Kunena zoona, kulankhula amatha. Anayenda uku ndi uku, mawu akutsika ndi kukwera ngati mlaliki wa chitsitsimutso. Pa khoma panaoneka chithunzi cha mayi atanyamula khanda pakhomo pa kachipatala. Anati ameneyu ndi mzamba wa ku Philippines amene anawagwira dzanja n'kuwapempha kuti asamuiwale. Mnzanga uja anandigunda ndi chigongono.

“Zilembo zili pa chitsekozo ndi za ku Thailand,” anandinong'oneza. “Kwathu timalemba ndi zilembo zomwezi za Chingerezi.”

Ndisanayankhe, chithunzi chinasintha. Pa khoma ponse panadzaza nkhope yanga, yunifolomu yanga ya buluu, kumwetulira kumene ndinamwetulira poganiza kuti ndi za mwana wa sukulu. Pansi pake analemba kuti ndine dokotala, mkulu wa zachipatala wa kampaniyo, wodziwa bwino za uchembere ku Asia.

Ndinayang'ana achemwali, iwo n'kuyang'ana pansi.

Atamaliza, anthu anawomba m'manja. Azibambo awiri aja anafunsa za kukula kwa msika, alamu n'kuyankha bwinobwino. Kenako mayi wa ku India uja anavula magalasi.

“Dokotala wanuyo alipo muno?”

“Alipo, ndi uyo,” anatero alamu mokondwa, akundiloza. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene anandiimbira kawiri. Ankafuna nkhope yoti aziloza, ndipo ankadziwa kuti pamaso pa alendo munthu wa kwathu sangachititse manyazi mlamu wake.

Mayiyo anandipempha kuti ndiimirire. Anandifunsa kuti ndagwira ntchito ndi azamba a chigawo chiti cha Philippines.

Ndikadatha kuzemba. Ndikadatha kunena kuti tikadali pokonzekera, n'kukhala pansi. Koma ndinaganiza za laisensi yanga ya unamwino, imene ndinaivutikira zaka, ndikulemba mayeso kawiri, ndi zimene zimachitikira namwino wopezeka akudzitcha dokotala.

“Pepani, ine si dokotala,” ndinatero. “Ndine namwino. Ku Philippines sindinapiteko, ndipo pulogalamuyi sindinaionepo ikugwira ntchito. Chithunzicho ndinapereka pa zifukwa zina.”

Mayiyo analemba kanthu pa pepala, n'kufunsa ngati pali wina aliyense m'kampanimo amene analankhulapo ndi mzamba. Mnzanga uja anakweza dzanja, ngakhale funsolo silinali lake. Ananena mwaulemu kuti iye si wa kampaniyo, koma ndi mwana wa mzamba. Anati azamba akwawo mafoni ali nawo kale ndipo amafunsana nzeru pa magulu awo tsiku lililonse. Chimene amasowa ndi boti loti linyamule mayi kupita naye ku chipatala chachikulu nyanja ikakwiya, ndi magazi oti akamuike akafika. Anawonjezera kuti mphepo yamkuntho ikawomba, netiweki ndi imene imayamba kufa.

Alamu sanagwedezeke. Anamwetulira, n'kutambasula manja.

“Ndemanga ngati zimenezi ndi zimene timafuna,” anatero. “N'chifukwa chake tabwera nawo anthu amenewa.”

Ndipo anthu anawombanso m'manja. Ndinaona ndi maso angawa.

Panja, poimika magalimoto, m'pamene anavula ulemu.

“Mlamu, mwandipha! Mukudziwa kuti mwandiwonongera deal? Aliyense muja amakometsa pang'ono. Ndi mmene masewerawa amaseweredwera.”

“Alamu, munanamizira mwana wanu kuti mupeze chithunzi changa.”

“Ndimakukwezani! Ndani anakutchulanipo dokotala chibadwire?”

Achemwali anangondiuza kuti, “Iwe, ukadadikira tikafike kunyumba.” Anakwera galimoto ya mwamuna wawo. Ine ndinabwerera ndi mnzanga uja. Titafika ku Kokomo iye anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, n'kunena kuti mayi wa ku Thailand uja akanadziwa kuti ali ndi mbale ku Indiana.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Mayi wa ku India uja sanawayankhenso alamu, koma mmodzi wa azibambo aja anawaitana sabata yotsatira. Alamu eni ake ankafotokoza monyadira ku tchalitchi kuti bamboyo anawauza kuti pulogalamuyo ndi yachabe, koma wakonda munthu amene sagwa nkhope zinthu zikamuthina. Anawapatsa ndalama zoyambira, n'kuwalangiza kuti asiye za azamba. Alamu anati apivota, kutanthauza kusiya chimene unalonjeza n'kuyamba china osapepesa aliyense. Azamba a ku Philippines anatayidwa tsiku limodzi ngati chikho cha pepala. Kampaniyo inasanduka yothandiza alimi a nsomba ku Indonesia. Munthu woti ngakhale nsomba ya m'sitolo sadziwa kuipala mamba.

Anapitako kawiri, n'kutumiza zithunzi ali pa bwalo la ndege, ali pa hotela, atavala jekete lopanda manja lija. Dziwe la nsomba sitinalione. Chisanathe chaka chachiwiri kampaniyo inatsekedwa, iwo n'kulemba pa intaneti nkhani yaitali ya zimene kulephera kwawaphunzitsa. Anzawo a majekete anaiyamikira kwambiri. Lero amaitanidwa m'misonkhano kukalangiza achinyamata ofuna kuyamba makampani ku Asia, ndipo ndamva kuti amawauza kuti chofunika koposa ndi kumvetsera anthu a kumaloko.

Chichokereni ku South Bend kuja, achemwali anakhala miyezi isanu osandiimbira. Ku tchalitchi tinkangopatsana moni wa pakamwa. Amayi ena a mumpingo anandiitanira pambali n'kundiuza kuti za m'banja sazitulutsira kwa azungu. Ndinawayankha kuti amene anapachika nkhope yanga pa khoma pamaso pa azunguwo si ine. Sanabwerenso.

Loweruka lina m'mawa, chipale chofewa chitayamba kusungunuka, ndinamva kugogoda. Anali achemwali, atanyamula jumbo ya mesh ndi chipeso.

“Undiluke,” anatero. “Ku saluni ndilibe nthawi yodikira.”

Anakhala pa khusheni pansi, ine pa mpando, mutu wawo pakati pa mawondo anga, monga tinkachitira tili atsikana. Ndinaona kuti imvi zawachulukira pamwamba pa makutu. Tinalankhula za ana, za mayi athu kumudzi amene mwendo unkawavuta, za nkhalamba ina ya kuntchito kwawo imene inkawatcha dzina la mwana wake womwalira. Nditafika pakati pa mutu, anayamba okha.

“Za chithunzi zija ndinkadziwa. Ndinachiona pa kompyuta kutatsala masiku awiri.”

Manja anga anaima.

“Bwanji simunandiuze, achemwali?”

“Ndinkati mwina zikatheka apeza pogwira, ine ndipumeko mashifiti awiriwa. Ndinatopa, mng'ono wanga. Munthu ukatopa umakhulupirira zilizonse.” Anapendeketsa mutu kuti ndipitirize kuluka. “Ukuganiza kuti sindiona? Ndimaona zonse. Koma ndi bambo a ana anga.”

Ndinafuna kunena zambiri za bambo a anawo, ndipo mawu ndinali nawo okonzeka kale. Ndinawameza. Ndinatenga chipeso n'kugawa mzere wina.

“Usakoke kwambiri,” anatero. “Mawa ndikulowa sikisi koloko, ndipo mutu ukamawawa sinditha kunyamula odwala.”