Chikopa cha Masiye

Mpaka lero ndikamva fungo la phulusa lonyowa ndimabwerera ku Zolozolo, kuseri kwa nyumba yathu ya zipinda ziwiri, m'tchuthi chachikulu cha chaka chomwe ndinamaliza Sitandade 3. Unali mwezi wa Ogasiti. M'mawa uliwonse nkhungu inkatsika m'mapiri n'kudzakhala pamadenga a malata, ndipo zovala zomwe amayi ankayanika Lolemba zinkafika Lachitatu zikadali zozizira m'manja. Machesi ankakana kuyaka. Mchere unkasanduka phala m'botolo. Tinali titakhala mu Mzuzu zaka zisanu ndi ziwiri chichokereni kwathu ku Chiradzulu, koma amayi ankadandaulabe za chinyezi ngati tabwera dzulo.

Ndinali ndi mbuzi. Make anafa iyo ili ndi masiku anayi okha, ndipo a NyaJere, oyandikana nafe, anati ndiitenge ngati ndingathe kuilera, poti iwo analibe nthawi yoyamwitsa mwana wa chiweto. Ndinailera ndi phala lamadzimadzi m'botolo lotseka ndi kansanza, n'kuitcha Masiye. Inakula n'kukhala tonde wofiirira wa banga loyera pamsana, wakuba, wosamva, wodya sopo ndi makope anga a kusukulu. Inkanunkha, sindikana. Koma ikangomva mawu anga pamsewu ndikamaweruka, inkalira ndi kukoka chingwe mpaka chikhomo kugwedera, ndipo panalibe munthu aliyense amene ankandilandira choncho.

Abambo anali kalaliki mu ofesi ina ya boma m'tauni, munthu wa tayi ndi mawu owerengeka. Khadi la chipani silinkachoka m'thumba la malaya awo. Wailesi ikamaimba, phazi lawo silinkagwedera n'komwe, ndipo kutchalitchi ankangoyendetsa milomo. Choncho Loweruka lina atakwera pampando n'kutsitsa chinthu chokulungidwa m'chiguduli kuchokera kudenga, ndinayesa kuti ndi msampha wa makoswe. Inali banjo. Anaipanga okha ali mnyamata, ya mkombero wa mtengo, khosi lalitali ndi mawaya a buleki ya njinga. Chikopa chake chinali chitachita chuku, moti atachidina ndi chala, chalacho chinangolowa.

Ndinayang'ana amayi kukamwa kuli yasa. Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero. "Iwe umaganiza kuti anandikopa ndi tayiyo?" anatero.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera a Mhango, mnzawo wa abambo wa ku Chibavi, dalaivala wa lole ya matabwa, ndipo ndi iwo anaulula nkhani yonse. Oimba a mu Mzuzu, a ku Ekwendeni ndi a ku Rumphi anali atapangana zokakumana pamalo ena kuseri kwa Rumphi, ouma, a mchenga ndi minga, opanda mudzi pafupi, omwe iwo ankangowatchula kuti kuchipululu. Ankafuna kukakhala kumeneko Lachisanu mpaka Lamulungu, kugona m'matenti, aliyense ndi choimbira chake, n'kumaimba mosinthana ndi mothandizana. Ine sindinamvetse kuti anthu akuluakulu angasiyirenji mabedi awo kukaimbira minga. Ndinafunsa ngati kumeneko kuli anthu oti akamvere.

"Kulije, mwana wane, kulibe ndi mmodzi yemwe," anatero a Mhango akuseka. "Ubwino wake ndi umenewo chomene." Abambo anasuzumira kumpanda n'kuwauza kuti atsitse mawu.

Kuyambira pamenepo pakhomo panasintha. Amayi anasoka matumba a feteleza kukhala tenti, singano yaikulu ikuwalasa zala. A Mhango anabweretsa migolo iwiri ya madzi yonunkha dizilo, ndipo tinaitsuka ndi mchenga masiku atatu. Panali ufa, nyemba, mapoto akuda, nyali, ndi kalata ya chilolezo yochokera kwa tcheyamani wa chipani, yonena kuti abambowa akukaphunzira nyimbo za chitukuko. Abambo anayamba kuimba mluzu posamba. Anayambanso kumubweretsera Masiye madeya poweruka, n'kumamugwiragwira pamsana ndi m'nthiti, kumutsina pang'ono chikopa n'kugwedeza mutu mokhutira. Ndinasangalala kwambiri poganiza kuti tsopano ayamba kuikonda mbuzi yanga. Uchitsiru wanga unali wa mtundu wakewake.

Amene ananditsegula maso ndi a NyaJere, tili pampopi. "Mwana iwe, adada ako akamatsina mbuzi pamsana sakuisisita yayi," anatero akusenza ndowa. "Akuyesa chikopa. Banjo ija ivala chiyani?"

Ndowa yanga inasefukira ine ndili chiimire. Kenaka ndinathamanga kunyumba wopanda madzi, n'kukagwada pafupi ndi mpando wa abambo monga tinkachitira polankhula nawo. Ndinati Masiye ndi wanga, ndinamulera ndekha. Abambo sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa.

"Mwana sakhala ndi mbuzi, Esinati," anatero. "Chili pakhomo pano n'cha pakhomo pano."

Ndinati kumsika kuli zikopa zambirimbiri. Anandiyankha modekha kuti za kumsika anthu amasenda mothamanga, zimakhala ndi mabala a mpeni, ndipo pokoka zimang'ambikira pomwepo. Banjo imafuna chikopa chosenda ndi dzanja la mwini wake. Ankafotokoza ngati akundithandiza samu. Kwathu ndi mmene iwo anakulira, ndipo sankaona chachilendo chilichonse pamenepo.

M'mawa mwake ndinamutenga Masiye n'kutsika naye kudambo, kuseri kwa mabulugamu, komwe nkhungu inkachedwa kuchoka. Ndinamumangirira pachitsa, n'kumusiyira masamba a mbatata, n'kumuuza kuti akhale chete. Sindinafike ndi kumsewu komwe. Anandilirira mpaka chingwe chinaduka, ndipo ndinalowa pakhomo iye ali pambuyo panga, akukoka kachidutswa ka chingwecho, mchira ukugwedera. Abambo anali pakhonde akumanga tayi. Anangotiyang'ana tonse awiri.

Loweruka lotsatira amayi ananditenga kuchigayo, ndipo anachedwa dala, kucheza ndi aliyense amene tinakumana naye. Titabwerera ndinapeza chikhomo chili chokha. Kuseri kwa nyumba chikopa chinali chitatambasulidwa pansi, chokhomedwa ndi timitengo m'mbali monse, banga loyera lija lili pakati penipeni. Pambali pake panali beseni la phulusa lonyowa. Sindinalire. Ndinangoima ufa uli pamutu mpaka amayi anabwera kudzanditula. Nyama anaiwamba pa waya kuti ikakhale kamba wa paulendo, ndipo utsi wake unalowa m'mabulangete athu onse. Ine ndinkadyera mchere, ndipo abambo ndinasiya kuwalankhula.

Chikopacho anachiviika m'phulusa, anachipala ubweya ndi chigamphu cha botolo, n'kuchivala pamkombero chikadali chofewa. Koma m'nkhungu ya Mzuzu chinkakana kuuma. Akachiwamba pambaula chinkalira bwino kwa kanthawi, kenaka n'kuyambanso kulira ngati munthu akumenya pilo. Oimba onse a mu Mzuzu ankadziwa mankhwala ake, poti ng'oma zawo zinkawavuta chimodzimodzi chaka chonse. Chikopa uyenera kuchikoka mpaka mapeto, osachisiyira mpata ngakhale pang'ono. Lachinayi masana, kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, a Mhango ndi anzawo awiri anabwera, anachinyowetsa m'mbali, n'kuchikoka ndi pulayala atatu onse, mitsempha ili tolotolo m'khosi, abambo akukhoma misomali kuzungulira. Kenaka anachiumitsanso pamoto.

Abambo anamanga mawaya, anakhala pachitsa, n'kuyamba kuimba. Ndinali pakhomo la khitchini. Zala zomwe ndinkangoziona zikupinda nyuzipepala zinkathamanga pa mawayawo ngati si zawo. Banjoyo inkalira mokoma kwambiri, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene sindinakupirire. Amayi anasiya kupeta. A NyaJere anasuzumira pampanda. Ine ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha.

"Ching'ambike," ndinatero mokweza. "Chikopacho ching'ambike."

Amayi anandikoka khutu mpaka m'nyumba. Ndisanalowe ndinaona abambo atagwira mawaya ndi chikhatho kuti aleke kulira.

Ananyamuka Lachisanu m'mawa, lole itadzaza migolo, magitala, ng'oma ndi amuna oseka ngati ana a sukulu. Inabwerera Lamulungu chakumasana, yofiira ndi fumbi. Amunawo anali ndi milomo yong'aluka ndi mawu osasa, koma akuimbabe. Abambo anatsika pomalizira, chiguduli chili m'khwapa, n'kulowa m'nyumba osapereka moni. A Mhango anatsalira panja ndi amayi, ndipo ine ndinamva zonse ndili kuseri kwa mgolo.

"Mama, zinthu zinavuta," anatero. "Dzulo Chisulo m'mawa bambo a kuno banjo anaitsamiritsa ku lole, kudikira nthawi yawo. Zuwa la kula si la kuno yayi. Isanakwane twelofu tinangomva phu, ngati futi, ena mpaka anagona pansi. Chikopa chang'ambika uku mpaka uku." Anati mkulu wina woimba ng'oma wa komweko anawauza kuti kumeneko chikopa umapita nacho cholefuka, dzuwa limakoka lokha. "Ise a Mzuzu tinazolowera kukoka," anatero a Mhango. Anzawo anafuna kuwabwereka abambo magitala, koma iwo anakana. Anakhala pamchenga masiku awiri onsewo akumvera anzawo, osaimba nyimbo ngakhale imodzi.

Pasanapite nthawi abambo anandiitana m'nyumba. Ndinagwada patali, ndikudikira chikoti. Iwo anafunyulula chiguduli n'kuika banjo pamphasa pakati pathu. Chikopa chinali chitang'ambika pakati, m'mbali mwake mutapindikira m'mwamba, chouma gwa.

"Mbuzi yako ndinaiphera chabe, Esinati," anatero. "Pepa."

Chibadwire ndinali ndisanamvepo abambo akupepesa munthu, ngakhale amayi. Ndinkafuna kunena kuti wolakwa ndine, kuti chang'amba chikopacho ndi pakamwa panga, koma mawu sanatuluke. Pamenepo ndi pomwe ndinalira, ndipo iwo anayesa kuti ndikulirira Masiye. Banjoyo anaibwezera kudenga tsiku lomwelo, ndipo sinatsikenso. Mluzu wa posamba unathera pomwepo.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndili ndi pakamwa poopsa, moti ngakhale mnzanga andiputse bwanji kusukulu ndinkaluma lilime. Nditakula ndinadziwa kuti chikopa chokokedwa m'chinyezi sichingapirire dzuwa la kuchipululu kuja, mwana atemberere kapena asatemberere. Koma chifukwa chenicheni cha ulendo uja ndinachimva mochedwa, abambo atamwalira, amayi ndi ine tikuchotsa katundu m'nyumba. Amayi anandiuza kuti abambo anali ndi mng'ono wawo, mphunzitsi, amene anatengedwa ndi anthu a boma m'kalasi tsiku lina ine ndisanabadwe, ndipo sanabwererenso. Dzina lake silinkatchulidwa pakhomo pathu, maliro ake sanaliridwe. Abambo anamupekera nyimbo, n'kuisunga mumtima zaka zonsezo, chifukwa m'tauni munalibe malo oti angaiimbire popanda khutu lina kumva. Ankafuna akaiimbe kamodzi kokha, kumchenga kuja.

Ine pamsinkhu umene uja ndinkaona bambo wouma mtima amene anandiphera mbuzi kuti akasangalale ndi anzake. Amayi anati nyimboyo ngakhale iwo sanaimvepo.