Mtanda Wopanda Dzina

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. M'zaka za chipani chimodzi ndinkagulitsa malasha pamsika ku Matero, mu Lusaka, ndipo pa parishi yathu wonyamula mtanda pa maliro ndinali ine. Mtandawo unkakhala kwanga, kuseri kwa chitseko.

Mnzanga wa m'kwaya, amene anakana kugula khadi la chipani, anamwalira. Anyamata a chipani anandipeza pamsika.

"Ba Mtanda," anatero akuseka, "mukapita ku maliro aja, malasha anu muzikagulitsira kumanda komweko."

Tsiku loika maliro ndinadzitsekera m'nyumba, ndikunamizira kudwala mutu. Azimayi a mpingo anadutsa akuimba, bokosi lilibe womtsogolera. Mkazi wa malemuyo anaima pakhomo panga.

"Atate, ngati mwadwala, tipatseniko mtanda wokhawo."

Chitseko sindinatsegule. Mpaka lero nyimbo ija ikayamba m'tchalitchi, miyendo imanditulutsa panja.

Maliro aja atatha, m'mawa mwake ndinazula matabwa awiri pabedi langa, ndinawakhoma mopingasa, ndipo ndinayenda nawo wapansi mpaka kumanda a ku Chingwere. Ndinawazika pamanda pake opanda dzina, pakuti nthawi imeneyo ndinali ndisanaphunzire kulemba.