Mtengo Woyenda pa Msika wa Chifunde

Fungo la msika wa Chifunde chaka chimene tinabwerera, ee, mpaka lero lili m'mphuno mwangamu: usipa, fodya wopota, sopo wamtanda, ndi fumbi lotentha lodikira mvula. Nkhondo inali itatha, ife titangotsika lole kuchokera ku Malawi kumene tinathawira. Ndinali ndi zaka khumi, diresi lamaluwa, pakamwa nyimbo zokhazokha.

Msikawo unali wakale, wakale kuposa nkhondo. Amayi ankandilozera: apa panali kantina ya Mmwenye, denga linapsa, makoma anatsala, apo Mpwitikizi ankapachika sikelo yake pamtengo wa mango, chitsulo chake chikadalipo. Tsopano aliyense anabwera ndi za kumene anathawira. A ku Malawi ndi usipa wawo, a ku Zambia ndi kaunjika amene iwo ankati salaula, Anyungwe a ku Tete ndi masau ndi mbuzi, Msena wina amene anali msilikali akumata mapoto obooka. Malilime sokosoko ngati mpheta m'mapira. Ayi, kunali kokoma!

Kumapeto, pafupi ndi chulu, kunkakhala anthu amene sanathawe, amene nkhondo yonse anaithera m'tchire. Nsalu analibe. Ankavala chiwondo, khungwa la mombo lopunthidwa mpaka kufewa. Koma mbewu anali nazo ndi iwo okha. Chimanga chimene ife tinabwera nacho chinali chitafumbwa, ndipo mitambo inali itayamba kuda kumapiri. Amayi anamanga mchere pakansalu kuti akasinthe ndi mbewu. Tikanapanda kubzala, tikanadya chiyani?

Amayi akulonjerana ndi anzawo, ine ndinatsogola. Ndinaona mayi wina wokalamba, woonda, ali chilili m'chiwondo chake chofiirira, ndipo nyimbo inangotumphuka yokha: "Mtengo ukuyenda, mtengo ukuyenda, wavala khungwa, wabwera kumsika!" Ana anzanga anailandira, m'manja phaphapha, ine patsogolo chiuno gwedegwede. Ndinamva kukoma, Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma. Ogulitsa kaunjika ena anaseka. Kenako ndinaona amayi atagwada pafumbi patsogolo pa mayi aja, kamchere kali m'manja.

"ANambewe, pepani, ndi wanga ameneyu. Wakulira kwa eni."

ANambewe anapendeketsa mutu ngati akumvetserabe. "Musiyeni, aNabanda. Mawuwa ndikuwadziwa, ndi a mayi anu. Nawonso pamtondo sankatonthola. Ndinawaika ndine, kuseri kwa phiri, m'chiwondo ngati chomwechi."

Agogo anga anatsala pamene ife tinkathawa, miyendo inawakana. Za imfa yawo tinamva tili ku Malawi, koma amene anawaika, ndi pamene anagona, sitinkadziwa. Amayi anabisa nkhope pansi pomwepo, nayamba kulira.

ANambewe anatsegula chipanda chopaka phulusa. Munali chimanga cha m'nkhokwe ya agogo, chimene iwo ankabzala chaka ndi chaka m'timinda tobisika kuti mtundu wake usafe. Anang'amba chiwondo chawo m'mphepete, nakulungamo mbewuzo, naziika m'manja mwanga. "Tenga iwe woimbawe. Pobzala uziimba yabwino." Mchere analandira, ananyambita pang'ono, natsinzina nthawi yaitali.

Phukusilo ndinadutsa nalo msika wonse, pa Anyungwe, pa a ku Zambia, pa Msena wa mapoto, khungwa likundikanda pachifuwa. Amayi sanandimenye, ndipo ndinalakalaka akanandimenya. Dzinja lonselo ndinalima chete, mpaka chimanga chinamasula ngayaye ine ndisanaimbe.

Ndili mwana ndinkati manyazi anga ndi oti amayi anagwada pafumbi chifukwa cha pakamwa panga. Lero ndili ndi zidzukulu, kutchalitchi nyimbo ndimayambitsa ndine, ndipo chimanga cha agogo chikadali m'munda mwanga, aleluya. Ndiye pano ndikuona: ife obwera ndi madiresi tinkati msika tautsitsimutsa ndife, chonsecho tinabwera kudzapempha kwa amene anausunga m'chipanda. Chulu chija chilipobe, pambali pa ogulitsa matayala a njinga. Ndikafika pamenepo, nyimbo ndimaimeza, ndimayambiranso ndikadutsa.