Chilembo Chimodzi pa Mpando

A kalipentala a pamphambano ayamba sukulu ya akuluakulu imvi zili mbuu, ndipo chiyambireni anthu sakupuma. Amawerenga mokweza chilichonse chimene maso awo agwerapo: chitini cha penti, paketi ya misomali, ngakhale malaya a munthu wodzagula chitseko. "Taimani kaye, musatembenuke, sindinamalize," amatero atamugwira paphewa.

Kwa iwo zilembo ndi matabwa basi. A ndi denga la nyumba, H ndi makwerero, T ndi hamala. O yekha ndiye amadana naye. Amati chinthu chopanda ngodya n'chosadalirika.

Sabata yatha anakhomera akazi awo kampando. Pali mawu amene akhala akuwakanika kutchula chikwatiranireni, ndiye anaganiza zowasema pampandopo ndi tchizulo. Atamaliza anakanyamula ngati mnyamata wokafunsira mbeta, n'kukaika pakhomo.

Mayiwo, amene akhala akuwawerengera zonse zaka zonsezi, anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono: "NDIMAKUKANDANI."

Bambowo anasuzumira pampandopo. Pamene pamafunika O, dzanja linali litathawira ku denga lomwe linazolowera.

"Bweretsani ndipale, amayi. Ndimafuna kulemba zina, inunso mukuzidziwa."

Mayiwo anakhalapo, n'kukonza nsalu yawo bwinobwino.

"Mupale chiyani? Zokonda ngakhale anyamata amalemba m'zipupa. Koma kumsana kuno, kumene dzanja langa silifika, amandikanda ndani?"

Mpandowo sunapalidwe mpaka lero, ndipo O akudana nayebe.