Matumba Khumi ndi Awiri Amene Sanabayidwe

Kushedi ya khofi kumene ankagwira ntchito, dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akalaliki okha. Ena onse, kuyambira mlonda wapageti mpaka bwana mwini kampani, ankangoti Mayi Mphuno. Sikuti mphunoyo inali yaikulu, ayi, inali yaing'ono ngati ya mwana. Koma ankati akamadutsa pafupi ndi mulu wa matumba, amaima n'kunena kuti, "Thumba lachitatu kuchokera pansi lanyowa," ndipo akalimasula amapeza zilidi choncho.

Analowa mushedimo ali mtsikana, sukulu ataisiyira panjira. Zaka khumi ndi zinayi anakhala pasimenti, miyendo atatambasula, akusankha khofi: wakuda uku, wofumbwa uku, timiyala m'chitini. Kenako anawakweza kukhala woyeza. Anawapatsa chitsulo chosongoka chobayira matumba, kamakina koyezera chinyezi, ndi fomu. Lamulo linali lakuti kontena isanatsekedwe, thumba lililonse lachikhumi libayidwe, nambala ya chinyezi ilembedwe, woyeza asaine pansi. Kusainako n'kumene sanakuzolowere. Bambo awo, amene anali mlonda wa sitolo, anakhalapo m'ndende miyezi isanu ndi itatu chifukwa chodinda chala papepala limene sanaliwerenge. Choncho cholembera ankachigwira ngati akugwira njoka kumchira.

Amuna awo anali dalaivala wa basi, munthu wodwala shuga koma wa nthabwala zosatha. Ankakonda kudandaula kwa anansi kuti, "Ine ndinalakwitsa kukwatira woyeza. Ndikangolawa kabotolo kamodzi, amandimva ndili kuseri kwa mpanda."

Tsiku lina masana akupakira kontena ya matumba 320 yopita kutsidya kwa nyanja, foni inalira. Anali kondakitala, akuti adalaivala agwa padepoti, sakuyankhula, awatengera kuchipatala. Mayi Mphuno anali atabaya matumba makumi awiri. Anatsala khumi ndi awiri. Lole inali italiza kale injini. Anayang'ana matumba otsalawo, anakoka mpweya, sanamve fungo lililonse lachilendo. Anatsamira pakhoma n'kulemba manambala khumi ndi awiri ochokera m'mutu, anasaina, n'kuthamanga ndi epuloni yomwe. Amuna awo anatsitsimuka tsiku lomwelo, koma basi sanaiyendetsenso.

Panapita miyezi inayi. M'mawa wina anaitanidwa kuofesi yam'mwamba, kumene anali asanakwereko chiyambire. Anapeza bwana ali ndi loya wa kampani, mayi wamtali wa magalasi, ndipo patebulo panali fomu ija.

"Siginecha iyi ndi yanu, mayi?" anafunsa loyayo.

Mayi Mphuno anavomera ndi mutu.

Loya anafotokoza pang'onopang'ono. Ogula a kunja aja atatsegula kontena anapeza matumba ena atachita nkhungu. Anakana katundu yense n'kukasuma kukhoti la kwawo, akuti anatumiziridwa khofi wonyowa ndi pepala labodza. Khotilo linalamula kuti kontena isakhudzidwe ndi aliyense, koma mlandu weniweni linakana kuuzenga, chifukwa m'pangano la malonda makampani awiriwa analemba okha kuti akadzasemphana, nkhani idzapite kwa oweruza atatu apadera: mmodzi wosankhidwa ndi ogula, wina ndi ogulitsa, wachitatu wosankhidwa ndi awiriwo.

"Ndiye inu mudzakhala mboni yathu yaikulu," anatero bwana akumwetulira. "Mungonena zimene munachita, basi. Ndani sadziwa mphuno yanu?"

Mayi Mphuno anatsika masitepe atagwira khoma. Pa zonse zimene loya ananena, mawu amene anatsala m'mutu anali awiri okha: pepala labodza.

Kuyambira pamenepo moyo unasanduka wina. Galimoto yachilendo ikaima pageti, ankaganiza kuti yabwera kudzawatenga. Akaona wapolisi pamsewu ankawolokera tsidya lina. Chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Siketi anaibweza kawiri kwa telala kuti aichepetse. Kuntchito anayamba kubaya thumba lililonse lachisanu m'malo mwa lachikhumi, mpaka opakira anayamba kung'ung'udza kuti akuwachedwetsa. Choopsa kwambiri chinali chakuti mphuno ija inayamba kuwanamiza: ankamva nkhungu paliponse, m'basi, m'zovala zochapa kumene, ngakhale m'manja mwawo.

Loweruka lina akuanika zovala, amuna awo anali pakhonde akuwayang'ana.

"Akazanga, mwaanika malaya amodzi katatu. Mukufuna aume mbali zingati?"

Mayi Mphuno anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi beseni, n'kuulula zonse. Adalaivala anamvetsera mpaka pamapeto osaponyapo nthabwala.

"Ndiye kuti ndi ine ndinakulembetsani manambalawo," anatero.

"Musatero. Dzanja linali langa."

"Basi ikaduka mabuleki, suuza anthu kuti zonse zili bwino. Umakuwa adakali ndi nthawi yogwira mipando. Kauzeni mayi wa magalasiyo. Akakumangani ndizikubweretserani chakudya, ngakhale mukudziwa kaphikidwe kanga. Mwina chilango chenicheni chidzakhala chimenecho."

Mayi Mphuno anaseka, koma misozi ili mbwembwembwe.

Lolemba anakafika pakhomo la ofesi ya loya kawiri n'kubwerera. Kachitatu chitseko chinatseguka chokha, loyayo akutuluka, ndipo panalibenso kothawira. Atamva nkhaniyo anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Andimanga?" anafunsa Mayi Mphuno.

"Oweruza awa samanga munthu, mayi, alibe ndende. Koma mukadakanama mutalumbira, n'kudzagwidwa, pamenepo sindikadakulonjezani kanthu. Za ntchito yanu sindingakulonjezeninso. Ndiyenera kuwauza abwana lero lomwe."

Bwana sanakalipe. Anangosiya kuwapatsa moni, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa.

Tsiku lopereka umboni anawalowetsa m'chipinda chozizira cha muhotela, chokhala ndi tebulo lalitali, mabotolo a madzi, ndi TV yaikulu pakhoma. Pa TV-po panali nkhope m'timabokosi: oweruza atatu, aliyense ali dziko lake, loya wa ogula, ndi womasulira amene mawu ake ankabwera mochedwa m'zomvera zam'makutu. Mayi Mphuno atalumbira, loya wa ogula, mwamuna wadazi woyankhula mofatsa, anaonetsa fomu ija itakulitsidwa mpaka siginecha yawo inadzaza khoma.

"Munayeza matumba angati?"

"Makumi awiri."

"Apa palembedwa 32."

"Khumi ndi awiriwo ndinalemba osayeza. Amuna anga anagwa, ndinathamangira kuchipatala."

Womasulira anamaliza kumasulira. Bwana anayang'ana kudenga. Loya wadazi anati alibenso funso, ndipo Mayi Mphuno anaona ngati dothi layamba kuthiridwa pabokosi lawo.

Koma woweruza wachitatu, mayi wokalamba wa tsitsi loyera, anasendera pafupi ndi kamera yake. Anafuna kudziwa kuti matumba osayezedwawo anaikidwa pati.

"Kuchitseko, chifukwa analowa pomaliza."

"Nanga nkhungu inapezeka pati?"

Maloya anasanthula mapepala. Inapezeka kumutu kwa kontena, kutali ndi chitseko, mzere wapamwamba. Anaonetsa zithunzi. Mayi Mphuno anaziyang'anitsitsa, ndipo kwa kanthawi anaiwala mantha, pakuti izi tsopano zinali za ntchito yawo.

"Pepani, ndinganene kanthu?" anafunsa. "Khofi akapakidwa wonyowa, nkhungu imayambira m'kati mwa thumba n'kumatuluka. Apa chiguduli chada pamwamba, madontho ali mumzere. Madzi awa achokera kumwamba. Koma pachithunzi sindingalumbire. Ndikadanunkhiza."

Womasulira anazengereza pa mawu omalizawo, ndipo mmodzi wa oweruza anabisa kamwa ndi dzanja.

Pofika madzulo mbali zonse ziwiri zinali zitatsimphina. Ogulitsa anali ndi fomu yopunduka. Ogula sakanatha kutsimikiza kuti khofi ananyamuka wonyowa. Oweruza anafunsa ngati makampaniwo angalole kuti mlandu uime masiku makumi atatu, ayambe akakhala pansi ndi mkhalapakati, munthu amene saweruza koma amathandiza okangana kumvana okha. Akalephera, oweruza adzagamula, ndipo chigamulocho sichidzabwezedwa. Onse anavomera.

Masiku amenewo ndiwo anatalika koposa. Mayi Mphuno ankapita kuntchito osadziwa ngati mlonda awatsegulira geti. Anzawo osankha khofi ankati akawaona amatsitsa mawu. Mphekesera inamveka yakuti kampani ikaluza shedi itsekedwa, ndipo iwo ankawerenga mitu ya azimayi okhala pasimenti aja n'kumaganiza za ana awo mmodzimmodzi.

Mwini kampani yogula anabwera yekha pandege, mayi wonenepa wosaseka, atatenga matumba ang'onoang'ono omata a khofi wotapidwa mukontena muja ndi chilolezo cha khoti. Mkhalapakati anali bambo wamfupi woyenda mokoka mwendo. Anaika ogula chipinda china, ogulitsa china, iye n'kumayenda pakati ngati wonyamula madzi. Mayi Mphuno anakhala pabenchi pakhonde kuyambira m'mawa, chikwama chili pamiyendo. Nthawi iliyonse bamboyo akadutsa, ankadzuka poganiza kuti awaitana. Dzuwa litapendeka anaima patsogolo pawo.

"Mayi, bwerani. Musaope, kuno kulibe kulumbira."

Patebulo panali timbale tisanu ndi kamodzi topanda zilembo. M'kambale kalikonse munali khofi wa mukontena muja. Mayi Mphuno ankaopa kuti mphuno iwanamizanso pamaso pa anthu onsewa. Anatseka maso, ananunkhiza kambale koyamba, n'kuluma njere imodzi. Inali youma gwa. Anapitiriza mpaka komaliza. Tinayi anati n'tabwino. Tiwiri anatikankhira pambali.

"Uyu wanyowa ndi madzi odontha pachitsulo, muli kafungo ka dzimbiri. M'kati njere ndi youma."

Mkhalapakati anatembenuza timbaleto. Tiwirito tinali ta kumutu kwa kontena, pansi pa malo amene woyendera katundu wina wa kunjako anali atalemba kale kuti denga linali ndi kamng'alu. Tina tiwiri mwa tabwinoto tinali ta kuchitseko. Mayi wosaseka uja anatenga njere, nayenso analuma, n'kunena mawu angapo m'chiyankhulo chake. Womasulira anati, "Akufunsa ngati amuna anu anachira."

Mgwirizano unalembedwa tsiku lotsatira. Ogula anatenga khofi yense wabwino, zowonongekazo anagawana, ndipo za denga anagwirizana kukazitsatira limodzi kwa eni kontena. Oweruza atatu aja anaulemba mgwirizanowo ngati chigamulo chawo kuti wina asadzautembenuke, khoti la kunja lija n'kumasula kontena. Nkhani yonse inatenga chaka ndi miyezi iwiri.

Mayi Mphuno sanatuluke osapsa. Bwana anawaitana n'kuwauza kuti bodza ndi bodza ngakhale litakhala ndi chifukwa, ndipo anawabweza pasimenti miyezi isanu ndi umodzi. Anavomera osatsutsa. Msana unali utaiwala kukhala pansi, moti sabata yoyamba ankadzuka mogwira thumba. Mayi wina amene anayamba naye ntchito kalekale anawasendezera katoni yokhalira n'kunena kuti, "Takulandirani kuchokera kunja, a mboni. Mwatibweretsera chiyani?" Shedi yonse inaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu anasiya kutsitsa mawu.

Atabwerera pa ntchito yoyeza, kampani inali itaika lamulo lakuti oyeza azikhala awiri, kuti wina akagwa mwadzidzidzi mnzake amalize. Anagwira zaka zina zisanu ndi ziwiri. Adalaivala anamwalira m'chaka chachinayi, akuseka ndi anamwino mpaka tsiku lomaliza. Atapuma pantchito, Mayi Mphuno anasamukira kwa mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, kumene amalima tomato kuseri kwa nyumba ndi kukangana ndi mkamwini wawo za mpira. Zidzukulu zikawafunsa ngati n'zoona kuti anayankhulapo ndi oweruza a mayiko atatu nthawi imodzi, amavomera, koma nkhaniyo saipitiriza. Amangoti kunali kozizira kwambiri m'chipindamo, ndipo madzi a m'botolo aja sanamwe ngakhale dontho, poopa kuti awalipiritsa.