Loko wa Gitala ya a Nebert

Ine ndine Daudi, ndimakonza mawailesi ndi zokuzira mawu pakhonde la sitolo ina ku Old Town. Ntchito yanga sinyozedwa. Inanyozedwapo kamodzi kokha, ndipo anachititsa ndi a Nebert.

A Nebert kwawo ndi ku Nathenje, koma akhala akusamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Area 14 kuyambira ali ndi tsitsi lonse. Bwana wawo woyamba pobwerera kwawo anawasiyira gitala yamagetsi yofiira. Anaiphunzira okha, ndi zala zomwezo zozulira udzu, ndipo kwa zaka makumi awiri anaimbira kwaya ya patchalitchi chawo ku Area 4. Ndi munthu wosayankhulayankhula. Mukawapatsa moni amayamba aganiza kaye. Akazi awo, a Eveless, ndiwo amatsogolera nyimbo m'kwayamo, ndipo awiriwa anadziwanira momwemo.

Ndiye gitala ija inayamba matenda otsika. Nyimbo inkayambira pamwamba bwinobwino, pofika ndime yachitatu ili pansi. Komiti ya kwaya inawauza kuti ikapanda kuchira pofika kumapeto a mwezi, malo awo atenga a Triza, mayi wa ku banki ku City Centre amene anali atagula kiyibodi.

Anabwera nayo panjinga, ataikulunga m'chitenje.

"Amisiri," anatero, "mwina ndi makutu angawa. Mundiuze zoona."

Ndinaiyang'ana. Kumapeto kwa khosi la gitala yotere kumakhala kachitsulo kopana mawaya kuti asatererepo, kokhala ndi timbale titatu ndi timabawuti titatu. Dzina lake ndi lokingi nati. Timbale take tinali titadyeka, mawaya atakumbamo tinjira, timabawuti titaperepeseka mitu chifukwa a Nebert ankatimanga ndi pulayala ngati akumanga mpopi wothirira maluwa. Zochunira nazo zinali zitalema kalekale, moti kachitsuloko ndi kokhako kamene kankagwira nyimbo.

"Makutu anu ali bwino, bambo. Pakufunika kachitsulo katsopano."

Ndinawalembera dzina pakapepala. Kapepalako anakachapira m'thumba la malaya, ndiye anayenda m'masitolo a zitsulo akufunsa loko wa gitala. Wina anawapatsa loko wa pageti. Wina anawalangiza kuti akuba akavuta, gitala aziitsekera m'kabati. Wachitatu anawathirira manati a njinga m'manja. Onsewa a Nebert anawathokoza. Pomaliza a Shabir, eni sitolo ya pakhonde langali, anakaitanitsa ku Joni, ndipo kanafika Lachisanu lomaliza la mwezi.

Ntchito imeneyo ndinaigwira ndi mtima wonse, ndikuuzeni. Ndinamasula kakale, n'kupala litsiro la zaka makumi awiri, n'kuyala kachitsulo kopyapyala pansi kuti mawaya asakhudze khosi. Nditachuna ndinamanga timabawuti tija ndi alenikiyi, kasipanala kake kopindika, n'kuigwedeza gitalayo, n'kukoka mawaya ngati ndakwiya nawo. Siinasunthe. Alenikiyiyo ndinawapatsa, iwo n'kuimangirira pamodzi ndi makiyi a pageti la abwana.

"Kakangogwira muzileka," ndinawachenjeza. "Si mpopi uwu."

Ine ndine wa ku mzikiti, koma ntchito yanga ndimaitsatira. Lamulungu ndinakaima pazenera la tchalitchi.

Ndime yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri gitala ili nganganga pamalo pake, ine mtima uli mbee. Koma ndinamva kuti china chake chikutsikabe. Anali mawu a Eveless. Pa ndime yachitatu pali pokwera, ndipo mayiwo anakwera n'kulekera panjira, mawu n'kusweka tchalitchi chonse chikumva. Amayi a m'kwaya anayang'anana. Wapampando wa komiti, amene maso ake anali pa a Nebert chiyambire, anatembenuza khosi pang'onopang'ono n'kuyang'ana a Eveless.

Apo m'pamene ndinazindikira. Mawu aja ndi gitala ija zinakalambira limodzi, zinkatsikira limodzi, ndipo mlandu wonse inkasenza ndi gitala. Ine ndi luso langa ndinali nditaichiritsa n'kuisandutsa mboni yowatsutsa mayiwo.

A Nebert anapisa dzanja m'thumba. Makiyi analira. Anagwada ngati akukonza chingwe cha magetsi, ndipo ndinawaona ndi maso angawa akumasula timabawuti tonse titatu. Atadzuka n'kukhwacha, gitala inalira ngati mbuzi yomangidwa pakaliyala.

"Yayambanso," anatero mokweza, munthu amene sakweza mawu. "Yasokoneza amayi. Pepani, amisiri anayesetsa."

Mpingo wonse unatembenukira kuzenera. Ha! Ine Daudi, zaka zonsezi! Ndinachoka osatsanzika, ndipo ndinafika ku Old Town ndisanasankhe mawu oti ndidzawalalatire, chifukwa onse amene ankabwera anali osayenera munthu wamkulu.

Anabwera Lachiwiri, wopanda gitala.

"Mwandiipitsira mbiri, bambo."

"Eya."

"Malo anu mwatayanso."

"Eya. A Triza ayamba Lamulungu."

"Nanga munachitiranji zimenezi? Gitala inali itachira!"

Anaganiza kaye, monga mwa masiku onse.

"Ine ndili ndi maluwa, amisiri. Akazi anga aja ali ndi nyimbo zokha."

Kenaka anandifunsa ngati n'zoona kuti kiyibodi ili ndi batani lotsitsira nyimbo yonse popanda anthu kudziwa. Ndinati lilipo. Anandipempha ndiwajambulire pamene limakhala kuti akawasonyeze a Triza paseri, ndipo ulendo uno kapepalako anakaika m'chipewa. Alenikiyi anaimasula pa makiyi aja n'kuisiya patebulo panga. Ndinachita manyazi ndi ukali wanga.

Masiku ano a Nebert amakhala pabenchi lachitatu, manja ali pamaondo. A Eveless akutsogolerabe nyimbo. Mwezi watha anadutsa pano akuchokera kumsika, n'kuima kuti andipepese. Anati ndisadandaule za gitala ija, mmisiri aliyense ntchito imamukanika nthawi zina.

Ndinati, "Zoonadi, amayi."